Ndege inandisiya ku Guangzhou chifukwa cha 00:30

Ndili ndi kashopu pa Chitakale, ka nsapato, zikwama za sukulu ndi ziwiya za kukhitchini. Kwa zaka zambiri ndinkapikula ku Limbe, kenako ndinazolowera basi ya ku Joni, ndipo mu Novembala 2024 ndinalimba mtima n'kupita ndekha ku Guangzhou, ku China. Za misika ya kumeneko ndidzakamba tsiku lina. Lero nkhani yanga ndi ya mtunda ndi nthawi, chifukwa apo ndi pomwe ndinapunthwa, ndipo ndalama zomwe ndinataya ndikazikumbukira nsima siitsika bwino.

Tikiti itafika pa foni, ndinayang'ana zinthu ziwiri zokha, mtengo ndi tsiku lonyamuka. Ejenti wa ku Blantyre amene anandigulira ndinangomufunsa funso limodzi.

"Achimwene, ulendowu ndi wa maola angati?"

"M'mwamba ndi maola 14 ndi pang'ono, mayi."

Ndinaseka. Munthu woti ndakhalapo m'basi maola oposa 30, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, n'kukagona pamzere pa Beitbridge, maola 14 angandiopse? Mnyamatayo sananame. Anayankha zomwe ndinafunsa. Koma maola a m'mwamba ndi theka chabe la ulendo, ndipo theka linalo palibe amene amakuuza ukapanda kufunsa.

Ndege inali ya 15:10 pa Chileka, Lolemba pa 4 Novembala, ndipo anandiuza kuti ndikafike kutatsala maola atatu. Mukukumbukira mmene mafuta anasowera miyezi imeneyo. Galimoto ya bambo a kunyumba inali pamzere pa filing'i siteshoni tsiku lachiwiri, ndiye ndinatuluka m'nyumba 8 koloko m'mawa kukakwera minibasi. Inachedwa kudzaza, mtengo anali atakweza, tinadzera msewu wa Midima n'kuima pa Nkando mpaka kondakitala atakhutira. Ku Limbe ndinasintha, m'tauni ndinasinthanso. Pa Chileka ndinafika 12 koloko. Kuchoka pa Chitakale kukafika pa Chileka sipakwana makilomita 100, koma panandidyera maola anayi. Kuchoka pa Chileka kukatera ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,800, ndipo ndege inatenganso maola anayi omwewo. Mpaka lero zimandiseketsa.

Ndege zikuluzikuluzi zikakhazikika m'mwamba zimathamanga makilomita 850 kapena 900 pa ola, ndipo zimauluka pamtunda wa mamita oposa 10,000. Sapitwa amene timamuopa uja ndi mamita 3,002, ndiye musanjike mapiri a Mulanje atatu, ndege ikadali pamwamba pake. Bambo wina amene ndinakhala naye pafupi, woyendayenda ndithu, anandiphunzitsa kasamu komwe ndimagwiritsabe ntchito. Anati tengani makilomita, mugawe ndi 800, kenako muwonjezere theka la ola la kunyamuka ndi kutera. Yesani nokha. Chileka kupita ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,350, samuyo ikupereka maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo ndi mmene zimakhaliradi. Chileka kupita ku Lilongwe m'mwamba sipakwana makilomita 250, ulendo wosakwana ola, pomwe pa basi umathera maola anayi kapena asanu mumsewu wa Zalewa. Si samu ya oyendetsa ndege, koma imakuthandiza kuzindikira msanga ngati nthawi zolembedwa pa tikiti zikukusokoneza.

Palibe ndege yochoka ku Malawi kulunjika ku China. Mutati mukoke chingwe kuchoka pa Chileka kukafika pa bwalo la Baiyun ku Guangzhou, chingatalike makilomita pafupifupi 9,500. Koma ife timayamba takwera kumpoto kukasintha ndege. Kudzera ku Addis Ababa ndi 2,800 kuphatikiza 8,000, kutanthauza pafupifupi 10,800. Choncho mukafufuza pa intaneti mtunda wa pakati pa mabwalo awiri, nambala yomwe ikutulukayo ndi ya chingwe chija, osati ya njira yomwe mudzayende. Zili ngati munthu wochoka ku Luchenza kupita ku Phalombe koma galimoto yake n'kukhala yoyamba yakazungulira ku Limbe.

Tinatera ku Addis 20:10 pa nthawi ya kumeneko. Wotchi yanga ya pamkono inkati 19:10, chifukwa Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Kumeneko n'kokwera, mzindawo uli pamtunda wa mamita oposa 2,300, ndipo usiku kumazizira ngati chiperoni cha mu Juni. Ine ndinachoka ku Mulanje kukutentha kwa Novembala nditavala diresi yopepuka, juzi ili m'sutikesi yomwe inali pansi pa ndege. Chitenje ndi chomwe chinandipulumutsa. Chinthu chinanso: musafunse nthawi kwa aliyense amene mwakumana naye. Ndinafunsa mayi wina wokolopa, akundikwezera zala zitatu, pomwe bolodi inkati 21:00. Ndinaganiza kuti sanandimve. Pambuyo pake ndinamva kuti anthu a ku Ethiopia amawerenga maola kuyambira kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa, kotero 9 koloko ya usiku kwa iwo ndi 3. Mabolodi a pabwalo la ndege amalemba nthawi yomwe tonse timaidziwa, khulupirirani imeneyo.

Ndinali ndi maola anayi odikira, ndipo poyamba ndinkadandaula kuti achuluka. Sanachuluke. Kutsika, kukwera basi ya m'bwalo, kuima pamzere wosechedwanso, kuvula nsapato, kufunafuna geti pakati pa chinamtindi cha anthu a mitundu yonse, ola ndi theka linapita osakhala pansi. Tikiti yokupatsani ola limodzi losinthira ndege pabwalo lomwe simunapondepo, ine ndingati ikaneni ngakhale itchipe. Ndipo ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Mukatero sutikesi mumaipereka pa Chileka n'kukaiona komwe mukupita, komanso ndege yoyamba ikachedwa, a kampani ndi amene amakupezerani ina. Mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, yoyamba ikachedwa, yachiwiriyo yapita ndi ndalama zanu.

Ndege yaikulu inanyamuka 00:20 ndipo tikiti inati tikatera 15:40. Ndinawerenga pa zala n'kupeza maola 15 ndi mphindi 20. Ndinadabwa, poti ejenti uja anati ulendo wonse ndi 14, koma ndinangoti mwina analakwitsa. Tinadya, magetsi anazima, ndinagona pang'ono, ndipo nditatsegula kazenera dzuwa linali lili pamutu pomwe thupi langa linkati kukadali m'bandakucha. Tinatera patatha maola 10 ndi mphindi 20.

Chinsinsi chake n'chakuti nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya malo omwe yalembedwawo. Yonyamukira ndi ya pabwalo lonyamukira, yofikira ndi ya pabwalo lofikira. China ali patsogolo pa Malawi ndi maola 6, patsogolo pa Ethiopia ndi maola 5, ndipo dziko lonselo, kukula konse kuja, limayendera nthawi imodzi. Ndiye popita kum'mawa mumachotsa maola asanuwo pa zomwe mwawerenga, pobwerera mumawonjezera.

Maola 10 pampando umodzi si masewera. M'basi ya ku Joni mumatsika pa boda, mumaongola miyendo, mumagula chimanga. Umu ayi. Mapazi ananditupa mpaka nsapato zinakana kulowa, munthu wogulitsa nsapato n'kutsika ndege nditaziponda kuchidendene. Imwani madzi, imirirani maola awiri alionse n'kuyenda mpaka kuchimbudzi ngakhale musanafune, ndipo ngati mungasankhe, tengani mpando wa m'mphepete mwa kanjira. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku akhale m'chikwama cha m'manja.

Mzere wa a zolowa ndi kutuluka, kudikira sutikesi, galimoto yopita ku Xiaobei komwe amalonda ambiri a ku Africa amafikira, zonsezi zinatenga maola ena atatu. Ndinalowa m'chipinda 18:30 Lachiwiri, kwathu kuli 12:30 masana. Kuchoka pakhomo pa Chitakale mpaka pakhomo la hotela anakwana maola 28 ndi theka. A m'mwamba anali 14 ndi mphindi 20, monga mnyamata uja ananenera.

Tsopano ndifike pomwe panandipweteka.

Tikiti yobwerera inalembedwa kuti 14 NOV, 00:30. Pa 14 linali Lachinayi. M'mutu mwanga ndinangoti ndinyamuka Lachinayi usiku, ndipo ndinauza bambo a kunyumba kuti adzandichingamire pa Chileka Lachisanu. Musandiseke msanga, taganizirani mmene timalankhulira kwathu. Kwa ife tsiku limayamba tikadzuka. Usiku ndi wa tsiku lomwe langothalo. Munthu akatisiya 1 koloko ya usiku, pa maliro timati anamwalira usiku wa Lachitatu, ngakhale kalendala inali italowa kale Lachinayi. Akuba akathyola 2 koloko timati anabwera usiku wa dzulo. A ndege satero. Kwa iwo tsiku limatembenuka pa 12 koloko ya usiku ndendende, kotero 00:30 ya pa 14 ndi mphindi 30 zoyambirira za Lachinayi. Ndinkayenera kukhala pabwalo la ndege Lachitatu madzulo, pa 13.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti tikitiyo inandichenjeza. Mzere wachiwiri unkati ndege ya ku Addis kupita ku Malawi inyamuka pa 14 pomwepo, 10 koloko m'mawa. Ndinauona mzerewo. Ndinadzifunsa kuti ndingachoke bwanji ku China Lachinayi usiku n'kukakwera ina ku Addis Lachinayi m'mawa? Koma poti nkhani ya kusiyana kwa maola inali itandizunguza kale popita, ndinangoti ndi zomwezo za nthawi, iwo akudziwa. Safunsa anadya phula. Popita ndinakweranso ndege ya 00:20 osazindikira kanthu, chifukwa ndinali kale m'bwalo ndipo ndinkangotsatira anzanga. Msamphawo unalipo, kungoti sunandigwire.

Ejenti uja ananditumiziranso uthenga wondikumbutsa Lachiwiri, koma pa WhatsApp. Ku China WhatsApp, Facebook ndi Gmail sizigwira pa intaneti wamba, anthu amayendera WeChat. Uthengawo ndinauwerenga ndili ku Addis pobwerera, nkhani itatha kale.

Lachitatu usiku, pomwe ndege yanga inkanyamuka, ine ndinali m'tulo tabwino. Lachinayi ndinakhala tsiku lonse kwa otumiza katundu, kuyeza makatoni ndi kulemba dzina pa lililonse. Madola otsala ndinawamalizira pa zikwama za sukulu, ndikuti ndikupita kwathu, ndiwasungirenji. Pa Baiyun ndinafika 8 koloko madzulo, ndikudzitama mumtima kuti ndafulumira.

Mtsikana wa pa kauntala anatenga pasipoti, anatayipa, anatayipanso, n'kuitana mnzake. Anandilozera deti pa kompyuta, ine ndikugwedeza mutu kuti inde, 14, lero. Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wa ku Lusaka amene anamva ndikung'ung'udza m'Chichewa.

"Amai, ndimwe a ku Malawi? Nionetseni tikiti."

Anaiyang'ana kamodzi kokha.

"Iyi ndeke inayenda kudala. Munafunika kubwela mailo usiku."

Miyendo inalobodoka. Ndinakhala pa sutikesi pomwepo, pamzere.

Ukapanda kufika pa ndege osadziwitsa, amakulemba kuti sunaoneke, ndipo mbali zotsala za tikitiyo zimafafanizidwa. Ya ku Addis kupita pa Chileka inali itapita limodzi. Kuti andibwezere pa ulendo ndinayenera kulipira chindapusa cha kusaonekako, kuwonjezera kusiyana kwa mtengo wa tikiti yanga ndi mtengo wa tsikulo. Sindikudandaula aliyense, malamulowo analembedwa m'munsi mwa tikiti momwe sindinawerenge. Ndege ya usiku umenewo inali yodzaza. Mpando unapezeka pa ya 16 NOV, 00:30, ndipo ulendo uno ndinafunsa katatu, mpaka mayi wa ku Lusaka uja analemba padzanja langa ndi cholembera kuti Lachisanu madzulo.

Ndalama ndinalibe. Amene munayesapo kupeza madola ku banki kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mukudziwa kuti si chinthu choti munthu angakutumizire usiku umodzi. Mayi uja anandibwereka foni yake, ndinaimbira bambo a kunyumba, kwathu kuli 3 koloko masana.

"Bambo, ndege yandisiya."

"Yakusiyani bwanji, si mwati mwafika kale pabwalo?"

"Inapita dzulo."

Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anangoti, "Chabwino mayi, musalire, ndiona chochita." Anakatenga ngongole ku banki m'khonde ya gulu lathu, n'kutumiza kwa ejenti ku Blantyre kuti akonze tikitiyo ali konko. Zonse pamodzi ndi hotela ya usiku wina zinadya phindu lomwe ndinkayembekezera pa nsapato zonse za ulendowo. Mwayi wanga unali umodzi, viza inali ikadali ndi masiku. Ku China ukapyola masiku a viza amalipiritsa 500 yuan pa tsiku, ndiye musamaike tsiku lobwerera pa tsiku lomaliza la viza. Siyani mpata wa masiku atatu kapena anayi.

Lachisanu ndinachoka pa hotela 4 koloko masana, ndipo ndinakhala pabwalo maola asanu ndi awiri ndikuyang'anitsitsa bolodi ngati ingathawe.

Pobwerera tikiti inati kunyamuka 00:30, kutera ku Addis 06:30. Pa pepala ndi maola 6. Onjezerani asanu aja, ndi 11. Mtunda ndi womwewo wa makilomita 8,000, koma pobwerera tinakhalitsa ndi mphindi 40. Kumwamba komwe ndege zimadutsa kuli mphepo yamphamvu yomwe nthawi zambiri imaomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, makamaka miyezi yomwe kumpoto kwa dziko lapansi kukuzizira. Popita imakukankha, pobwerera umalimbana nayo, ngati wa kabaza amene watsetsereka ndi katundu kupita ku Limbuli koma pobwerera mphepo ili kumaso. Usiku umenewo unali wautali kuposa wina uliwonse pa moyo wanga, chifukwa tinkathawa dzuwa. Pafupifupi maola 11 onse kunja kuli mdima.

Ku Addis ndinadikira maola atatu ndi theka. Ndege yobwera kuno inayamba yatera ku Lilongwe, tinakhala momwemo pafupifupi ola ena akutsika ena akukwera, kenako mphindi 40 kufika pa Chileka. Kaimidwe aka pa tikiti kanalembedwa ndi tizilembo tating'ono, ndipo kanawonjezera pafupifupi ola ndi theka poyerekeza ndi popita. Pa Chitakale ndinafika 7 koloko madzulo Loweruka, maola 33 chichokereni pa hotela.

Masiku ano tikiti ikafika ndimaisindikiza, n'kukhala pansi ndi kope la shopu. Ndege iliyonse ndimailemba pamzere wake, ndi dzina la tsiku m'Chichewa, osati nambala yokha. Nthawi iliyonse yoyamba ndi 00, 01 kapena 02 ndimaizunguliza ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali tsiku la dzulo lake ndi ola lochokera pa hotela. Pafupi ndi nthawi yofikira nthawi zina pamakhala +1, kutanthauza kuti mukatera tsiku lotsatira, ndipo amene akukuchingamirani muwauze tsiku limenelo. Kenako ndimasandutsa nthawi zonse kukhala za ku Malawi, kuti a kunyumba adziwe pomwe ndili popanda kuwerengera. Makampani ambiri amalola kutsimikizira mpando pa intaneti kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Ndikanayesa zimenezo Lachiwiri, foni ikanandiuza yokha kuti kwatsala maola angati.

Posankha tikiti sindiyang'ananso mtengo wokha. Pamakhala nambala ya maola a ulendo wonse, kuphatikizapo odikira. Mnzanga wina wa ku Thyolo anasangalala kuti wapeza yotchipa, osaona kuti ikumugoneka pabwalo la ndege maola 19. Zomwe anadya ndi kumwa pamenepo, pa mitengo ya m'mabwalo a ndege, zinatsala pang'ono kufanana ndi zomwe ankati wapulumutsa, ndipo tsiku loyamba la msika analithera pabedi. Pa maola a tikitiwo muziwonjezeranso anu a kuno: ochoka kwanu kukafika pa Chileka, atatu a pabwalo, ndi ena atatu a kutsidyako. Ngati ndege ndi ya m'mawa kapena ndi nyengo ya mvula, kagoneni kwa abale ku Blantyre. Amene mukukakwerera ku Lilongwe, limenelo ndi tsiku lina lathunthu.

Thupi nalo lili ndi wotchi yake yomwe siisintha ndi ya pa foni. Sabata yonse nditabwerera ndinkadzidzimuka 1 koloko ya usiku ndili ndi njala, poti ku Guangzhou inali 7 koloko m'mawa, nthawi ya kadzutsa. Ikamakwana 3 koloko masana maso ankalemera, ndipo tsiku lina kasitomala anandipeza ndikusinza pa kauntala nditagwira nsapato imodzi. Apongozi anga ataona zimenezi masiku atatu otsatizana sanafune kumva za maola 6 alionse. Anati amenewo ndi malungo a ku China, ndipo Lachinayi m'mawa anabwera atavala kale, n'kundiperekeza okha kukayezetsa. Magazi anapezeka alibe kanthu. Pobwerera tinadzera pa msika, anandigulira chinanazi, n'kundiuza kuti ndikapitanso ndidzawabweretsere fulasiki yaikulu.